Mbali ya Abambo

Chaka chimene ndinalowa koleji ndi chaka chomwe amayi anga anamwalira, ndipo ndikamakumbuka sinditha kulekanitsa ziwirizi. Amayi tinawaika mvula itangoyamba, kumudzi kwathu kwa Nthache. Maliro atatha, amalume, amene ndiwo oyang'anira mbumba yathu, ananena kuti kusudzula kudzachitika anthu akakolola. Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi wake. Mkaziyo akamwalira pamapita miyezi, kenaka abale a mbali zonse ziwiri amakhala pansi, akuchikazi n'kumumasula mwamunayo, akwawo n'kumulandira kuti abwerere naye. Mawu a amalumewo ndinawamva ndi khutu limodzi, monga timamvera zolengeza zonse za pamaliro. Zoti abambo anga analibe wowalandira, komanso analibe kobwerera, sizinandilowe m'mutu tsiku limenelo.

Abambo anachokera kutsidya la malire, ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo, akadali mnyamata. Izi aliyense ankazidziwa. Nkhondo itatha anzawo anakwera malole n'kubwerera, iwo anatsala chifukwa anali atakwatira amayi. Anamanga nyumba pamalo a apongozi awo, anadzala manachesi kuseri kwake, n'kubereka ife awiri, ine ndi mlongo wanga. Sitinawaonepo akupita kwawo, ndipo palibe wakwawo anabwerapo, ngakhale pamaliro a amayi. M'mudzi ankadziwika kuti ndi mkamwini wosavuta, wolima, wosamwa, wosalowerera nkhani za eni mudzi. Abale a amayi akasonkhana kuti akambe za munda kapena za ukwati wa wina, abambo ankatenga khasu n'kulowera kudimba. Ngakhale za ukwati wanga anakamba ndi amalume, abambo ali kuseri akusenda mbuzi. Anthu ankawayamikira kukhala chete kumeneko, ifenso ana awo tinkakuyamikira.

Ine ndinkakhala ku boma, n'kumagulitsa kaunjika pamsika. Banja langa linali litatha, ana anga awiri ali pasukulu. Koleji yathu inatsegulidwa m'nyumba zakale zosungiramo katundu, kuti anthu a m'dera asamavutike kupita ku Blantyre. Ambiri ankaphunzira zosoka, zamagetsi, zomanga ndi ukalipentala. Chipinda chakumapeto, choyandikana ndi kumene ankawotcherera zitsulo, ndi chimene chinali chathu, ife ophunzira za anthu: mbiri, zolembalemba, chiyankhulo ndi maganizo a anthu akale ndi amakono. Tinkaphunzira masana, ndipo aphunzitsi nthawi zambiri ankaima pakati pa chiganizo kudikira kuti makina odulira zitsulo apume. Mabuku anali ochepa, tinkabwerekana, ndipo ine ndinkawerengera pamsika pomwepo, buku lili pamwamba pa mulu wa masiketi, chala chili pomwe kasitomala wandidulira.

Anzanga a pamsika ankaitcha sukulu ya nthano. Mayi wina wogulitsa nsapato pafupi nane anandifunsa pamaso pa makasitomala kuti wa zosoka adzatuluka ndi diresi, wa zamagetsi adzatuluka ndi waya, nanga ine ndidzatuluka ndi chiyani. Ndinamuyankha kuti ndidzatuluka ndi pakamwa, ndipo ayambiretu kuopa chifukwa pomwe ndili napo kale pamamukanika. Anthu anaseka, nkhani n'kutha. Chilungamo chake, ndinkafuna pepala loti ndidzapeze nalo ntchito yophunzitsa pasekondale ina yoima payokha. Koma panalinso china. Masana ndi nthawi imene amayi ankakonda kundiimbira foni kufunsa ngati malonda ayenda, ndipo atamwalira masana anayamba kutalika. Ndinkafuna malo oti foni ndiziizimitsa chifukwa cha lamulo la m'kalasi, osati kumakhala ndikuiyang'ana.

Mbiri ankatiphunzitsa aphunzitsi ena ochokera kumpoto, amene boma linawatumiza pasekondale ya pafupi, masana n'kumabwera kwa ife. Anali aatali, odekha, ndipo Chichewa chawo chinkamveka kuti anachiphunzira atakula. Ife tinkayembekezera za mafumu, za azungu ndi zaka zoti tiloweze. Zimenezo zinalipo ndithu, koma iwo ankakonda kunena kuti mbiri yambiri imafa osati chifukwa anthu abisa, koma chifukwa palibe anawafunsa. Titazolowerana anatipatsa ntchito yokachita kunyumba, kuti aliyense ajambule mtengo wa banja lake, makolo ndi makolo a makolo, mpaka pomwe angafike.

Ine ndinati izi ndiye zanga. Mzere wa amayi ndimaudziwa kuyambira ndili mwana, chifukwa kwathu umanenedwa pamaliro alionse ndi pamkangano uliwonse wa munda. Ndinalemba amayi, amayi awo, amayi a amayi awo, alongo awo onse, mpaka mayi uja amati ndiye anayamba kutema tchire pomwe pali mudzi wathu. Pepala linadzaza, ndinachita kumata lina ndi selotepi. Mbali inayo ndinalemba dzina la abambo, n'kuona kuti ndamaliza. Ndinalowa nalo m'kalasi ndikudzimva.

Aphunzitsi analiyang'ana nthawi yaitali. Anayamikira mbali yodzazayo, kenaka anaika chala pa dzina limodzi lija.

"Amayi, mtengo wanu wagwera mbali imodzi. Abambo anuwa anachita kugwa kumwamba?"

"Ndi akamwini, aphunzitsi," ndinatero, ndikuganiza kuti ndayankha.

"Akamwini sabadwa kwa munthu?"

Kalasi inaseka, inenso ndinaseka, koma titayang'ana mapepala athu tinapeza kuti tonse a kuno mitengo yathu inali yopendekera chimodzimodzi. Ena ankadziwako mudzi wa abambo awo ndi azakhali amodzi, basi. Aphunzitsi anati kwawo akanapereka ntchito yomweyo mitengo ikanapendekera mbali inayo, amayi n'kukhala dzina limodzi pakona ya pepala. Anati amayi awo enieni, amuna awo atamwalira, anasanduka mlendo pamudzi umene anautungira madzi moyo wawo wonse. Tinakangana masana onse kuti mwambo wabwino ndi uti. Ine ndinaikira kumbuyo wathu ndi mphamvu zanga zonse, ndipo mpaka lero ndimauikira kumbuyo. Mkazi wa kwathu sathamangitsidwa pamunda wa amayi ake, ndipo ine banja litatha ndinkadziwa kuti zikavuta ndili ndi kobwerera. Aphunzitsi sanatsutse. Anangoti mwambo uliwonse uli ndi munthu amene umamuika kumphepete, ndipo ntchito yathu ndi kuyang'ana kuti munthuyo ndi ndani. Kenaka anatibwezera mapepala kuti tikadzaze mbali inayo teremu isanathe.

Pasanapite nthawi amayi aang'ono, ang'ono awo a malemu amayi, anandipeza pamsika. Anasankha bulauzi, anaiyesa, anaibweza, kenaka anafika pa chimene anabwerera. Mwana wawo wamkazi anali pafupi kukwatiwa, ndipo mkamwini watsopanoyo ankafunika pomanga ndi polima. Malo kwathu anatha kale, minda inagawidwa mpaka kutsala timizere. Nyumba ya amayi ndi munda wake zinali za mbumba, ine ndinali ku boma, choncho zinali zoonekeratu kuti kusudzula kukatha zipita kwa ndani. Sanalankhule mwankhanza, sindingawanamizire. Anangondifunsa ngati akuchimuna tawapeza, chifukwa amalume ankasowa kotumiza uthenga. Munthu amene anaimira abambo ngati nkhoswe paukwati wawo anali mnzawo wothawa naye nkhondo, ndipo anabwerera kalekale osamvekanso.

Apa ndi pomwe funso la aphunzitsi linasiya kukhala la m'kalasi. Ndinaimbira mlongo wanga, amene anakwatira ku Thambani. Anandimvetsera, anapuma mokoka, n'kundikumbutsa kuti nayenso ndi mkamwini, ngakhale nkhuku ya pakhomo pake saigulitsa asanafunse. Za kwawo kwa abambo ankadziwa zomwe ine ndinkadziwa, kuti ndi kutsidya. Ndinamukalipira ngati kuti iye yekha ndiye anali ndi udindo wofunsa, iye n'kundisiya ndikalipe mpaka mayunitsi anatha.

Loweruka ndinakwera kabaza kupita kwa Nthache, nditakonzeka monga anatiphunzitsira. Ndinali ndi mafunso olembedwa, cholembera, ndi foni yojambulira mawu. Ndinapeza abambo akusema mpini pakhonde. Nditawauza kuti ndikufuna kuwafunsa za kwawo, ndi ntchito ya kusukulu, anaika mpiniwo pansi, analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete la kutchalitchi. Anakhala pampando atawongola msana, manja ali pamaondo. Ine ndinakhala pansi chapatali monga mwana wamkazi amakhalira, foni ndinaiika pakati pathu.

Anayankha funso lililonse, mwachidule ndi mwaulemu, ndipo ankanditchula kuti inu, chinthu chimene anali asanachitepo. Ananena dzina lawo lonse, dera limene anachokera, ndi njira imene analowera. Nditafunsa za abale anati anafika okha, munthu mmodzi. Ndinayesa kufunsa mozungulira, yankho linali lomwelo. Mafunso anatha. Kenaka abambo anga, ali pakhonde la nyumba imene njerwa zake anaumba okha, anandifunsa kuti, "Ndingapite tsopano?"

Ndinanyamuka mtima ukuwawa, ndipo ndili pakabaza ndi pomwe ndinazindikira zimene zinachitika. Munthu womaliza kuwafunsa mafunso amenewo ali ndi cholembera m'manja anali wolemba maina a othawa nkhondo pamsasa, ndipo kumeneko munthu ankayankha zochepa kuopa kulakwitsa. Ine ndi foni yanga ndinawabwezera pamzere umenewo. Nditawafotokozera aphunzitsi, anati mabuku amaphunzitsa kafunsidwe, koma abambowo ndine ndikuwadziwa, ndiye ndiganize kuti amalankhula nthawi yanji. Ndinaganiza, ndipo ndinapeza kuti chibadwire sindinamvepo abambo akufotokoza chinthu manja ali chabe. Ankalankhula akupalira, akumanga nkhokwe kapena akukonza njinga, maso ali pantchito.

Mwayi wake manachesi anali atayamba kupsa. Ndinayamba kupita Loweruka lililonse, katundu wa pamsika n'kumusiyira mnzanga wa nsapato uja, amene sanaleke kundiseka koma ankagulitsa mokhulupirika. Foni ndinkaisiya m'chikwama m'nyumba. Abambo ankakwera pamakwerero n'kumathyola, ine ndili pansi kulandira ndi kusanja m'madengu, aakulu paokha, aang'ono paokha, oti ogulitsa a m'mphepete mwa msewu adzatenge. Poyamba tinkangokamba za tizilombo ta m'masamba ndi za ogula okonda kunenerera. Sindinafunse kanthu, ndipo kwa munthu wa pakamwa ngati ine imeneyo inali ntchito yolemera kuposa madengu.

Anayamba okha. Tsiku lina ali m'mwamba, nkhope itabisika m'masamba, ananena kuti kwawo kunalibe manachesi, kunali masau. Anati amayi awo ankayanika masau padenga n'kumakagulitsa, ndipo mwana akaba ankagwidwa ndi njere zotsalira m'thumba la kabudula. Ndinangoti eya, ndikupitiriza kusanja. Kuyambira pamenepo nkhani zinkabwera pang'onopang'ono, zosatsata dongosolo lililonse. Anakamba za mtsinje umene unkauma chilimwe, anthu n'kumakumba mchenga kuti apeze madzi. Tsiku lina anakamba za abambo awo, amene anapita kumigodi iwo ali khanda osabwerako. Tsiku linanso anaseka okha m'mwambamo atakumbukira galu wawo amene ankaopa nkhuku. Ndinali ndisanamvepo abambo akuseka chinthu chakwawo. Akafika pa zina Chichewa chinkawathawa, n'kulowa Chinyungwe, chimene kale ndinkangochimva akapsa mtima ndi mbuzi. Ndinkamva mwapatalipatali, koma sindinkawadula.

Za kuthawa anazinena kamodzi kokha. Anati tsiku limene mudzi wawo unawotchedwa iwo anali kumunda ndi mlongo wawo wamng'ono. Anaona utsi, anamva mfuti, ndipo sanabwererenso kumudzi. Amayi awo anatsala komweko. Anayenda ndi mlongoyo m'tchire pamodzi ndi anthu ena, ndipo atayandikira malire gulu linabalalika chifukwa cha mphekesera yoti asilikali ali kutsogolo. Anali atamugwira dzanja, kenaka anangoona kuti m'manja mulibe munthu. Anamufunafuna m'misasa osamupeza. Nthawi imene malole ankabweza anthu, iwo ankaima pamsewu kuyang'ana nkhope za okwera. Anati anthu amaganiza kuti anatsala chifukwa cha amayi anga basi, ndipo n'zoona ankawakonda, koma chinanso n'chakuti sakanatha kukafika kwawo okha n'kufunsidwa kuti mwana uja ali kuti.

Tsiku limenelo ndinafunsa funso limodzi lokha.

"Ababa, agogo dzina lawo anali ndani?"

Anasiya kuthyola. Analitchula, kenaka analitchulanso pang'onopang'ono. Anatchulanso la mlongo wawo ndi la mudzi. Anati amayi anga okha ndiwo ankawadziwa maina amenewo, ndipo chimwalirire iwo anali asanawatulutsenso pakamwa. Ndinalira, nkhope nditailozetsa m'dengu kuti asaone. Ndinali mayi wa ana awiri, ndikumva koyamba dzina la agogo anga.

Ku Zobue, kutsidya la malire, ndimapitako kawirikawiri kukaoda zitenje, choncho ulendo wotsatira ndinapitirira kukafuna mudzi wa abambo. Ndinakwera galimoto ya matola, kenaka njinga yamoto, ndikufunsa dzina la mudzi ndi la mtsinje. Mtsinje ndinaupeza, uli wouma monga ananenera, mayi wina akukumba mchenga. Mudzi kunalibe. Pamalopo panali minda ya anthu amene anabwera kuchokera kwina nkhondo itatha, ndipo maina amene ndinawatchula sanawadziwe. Nkhalamba ina inati inamvapo za banjalo, koma titafunsana bwino zinapezeka kuti ikunena anthu ena. Anandilandira bwino, anandipatsa madzi, anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinabwerako wopanda ndi munthu mmodzi yemwe woti adzakhale mbali ya abambo.

Nditawafotokozera, abambo anamvetsera zonse. Anafunsa ngati mitengo ya masau ikadalipo, ndinati ilipo, anagwedeza mutu. Ndinawauza kuti asadandaule, kusudzula kukatha adzakhala ndi ine ku boma, chipinda cha ana tidzachidula pakati. Kapenanso ndikhoza kukachonderera amalume kuti awasiyire kanyumba ka kuseri. Za kuchonderera anakana nthawi yomweyo. Anati anakhala pamudzipo osapempha kanthu, ndipo sangayambe atakalamba.

"Pogona si vuto, mwananga. Ndikhoza kukhala mlonda ku boda n'kumagona pakhonde la sitolo. Koma munthu akamamasulidwa amaperekedwa m'manja mwa akwawo. Iwe ndiwe wa kwa amako. Tsikulo udzakhala pakati pa ondimasula."

Sanalankhule modandaula. Ankangonena momwe zinthu zilili, ndipo malinga ndi mwambo ankanena zoona.

Masabata otsatirawo m'kalasi ndinkangopezekamo thupi lokha. Mtengo wanga ndinaupereka, mbali ya abambo ili ndi maina ochepa, mudzi umene kulibe ndi mtsinje wouma. Ndinapepesa kuti ndi zokhazo, aphunzitsi n'kunena kuti dzulo zimenezo panalibe pepala lililonse padziko limene linali nazo. Mawuwo anandisangalatsa, koma sanandipatse munthu wolandira abambo. Apa ndinawakwiyira maphunziro anga. Ndinkayang'ana pawindo atsikana a zosoka akutuluka ndi madiresi awo m'manja, n'kumaganiza kuti mwina mnzanga wa nsapato ankanena zoona. Ndisanalowe koleji ndikanapita kukusudzulako, n'kulira pang'ono monga amalira onse, n'kubwerera pamsika mtima uli m'malo. Tsopano ndinali nditaona chinthu, ndipo sindikanatha kuchita ngati sindinachione. Munthu akamakuuza kuti sukulu imatsegula maso sakuuza kuti zina zimene udzaone zidzakusowetsa mtendere.

Komabe panali chinthu china chimene maphunzirowo anachisuntha mwa ine osandiuza. Kale mwambo ndinkauona ngati phiri, kuti unalipo ndipo udzakhalapo, munthu umangouzungulira. M'kalasi muja tinkafunsa kuti mwambo wakutiwakuti unayamba chifukwa cha vuto lanji, unkateteza ndani, ndipo anthu anaupindapo liti zinthu zitasintha. Kusudzula sikunayambe pofuna kuthamangitsa munthu. Kunayamba kuti wofedwa asangosiyidwa m'malere, kuti achoke m'manja mwa anthu ena n'kulowa m'manja mwa ena, anthu akuona. Amene anauyambitsa sanaganize za munthu amene akwawo onse anatha ndi nkhondo. Ndinkazungulira ndi maganizo amenewa ndikupinda masiketi, koma chochita sindinachipeze.

Tsiku la kusudzula kunali kozizira, chiperoni chikuwaza pang'ono. Tinasonkhana mmawa pabwalo la nyumba ya amayi. Akuchikazi tinadzaza mbali imodzi, amuna pamipando, akazi pansi. Mlongo wanga anabwera kuchokera ku Thambani n'kukhala kumbuyo kwa amalume, mutu uli pansi. Mbali inayo anayala mphasa ya akuchimuna monga mwambo umafunira, ndipo abambo anakhala pamenepo okha. Amalume, posafuna kuti alamu awo achite manyazi, anali atapempha mkulu wina wa mpingo kuti adzaimire akuchimuna zikafika povuta. Mkuluyo anali munthu wabwino, koma abambo ankangodziwana naye moni wa Lamulungu.

Amalume anayamba ndi kuyamika. Ananena kuti abambo anasamala mlongo wawo mpaka tsiku lomaliza, analera ana, ndipo palibe munthu m'mudzimo angawatole chifukwa. Kenaka anafika pa mawu amene ankayenera kunenedwa ngakhale yankho lake aliyense ankalidziwa.

"Alamu, tikufuna tikuperekeni. Akwanu ali kuti?"

"Ndilipo ndekha, alamu."

Amalume anayang'ana mkulu wa mpingo uja, iye n'kuyamba kukonza zovala kuti aimirire. Ndinaona kuti abambo anga aperekedwa kwa munthu wobwereka, amene mwambo ukatha apukuta fumbi n'kumapita kwawo. Sindinakonzekere kanthu. Ndinangopezeka ndaimirira. Amayi aang'ono anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti ndikhale pansi, ndinachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Ndinayamba kulowera pakati pa bwalo.

"Iwe ukupita kuti?" anafunsa amalume. "Ndiwe mwana wa mbumba ino."

Ndinagwada pakati pa bwalo.

"Ndine wanu, amalume, ndipo ndidzakhala wanu. Koma abambowa ali nawo akwawo."

Ndinatchula mudzi wawo ndi mtsinje wake. Ndinatchula amayi awo, ndinatchula mlongo wawo amene anasowa pamalire. Ndinati agogo amenewo ndine mdzukulu wawo, azakhali amenewo ndine mwana wa mlongo wawo.

"Enawo alephera kubwera. Ndabwera ine."

Kumbuyo kwanga kunayamba manong'onong'o. Wina anati sukulu yandizunguza mutu, wina anati zoterezi sizinachitikepo, mwana sangamasule bambo wake n'kumulandiranso yekha. Amalume anawasiya anene mpaka anatopa okha. Kenaka anatembenukira kwa abambo n'kuwapempha, mawu ali pansi, kuti atchule okha dzina la amayi awo. Abambo analitchula, bwalo lonse likumva. Amalume anati zaka zonsezi akhala akudya mbale imodzi ndi alamu awo osadziwa kuti anabadwa kwa ndani. Anati mwambo umafuna kuti wolandira akhale wa magazi, ndipo palibe angatsutse kuti magaziwo ali mwa ine. Anathokoza mkulu wa mpingo uja n'kumuuza kuti akhale pansi.

"Pita ukakhale," anatero kwa ine.

Mphasa ija inali yaikulu, yoti n'kukhalapo banja lonse, ndipo panalibe wina aliyense. Komabe nditafika, abambo, osandiyang'ana, anasendera pang'ono kuti andipatse malo. Ndinakhala, amalume n'kupitiriza mwambo.